Kodi Oats Woviika Usiku Ndi Wabwino Kudya Osaphika?

Mayi wina wa ku Machinjiri wafunsa motere: "Ndimagwira ntchito ku Ginnery Corner, ndipo kuti ndipeze minibasi msewu usanadzaze ndimanyamuka 6 koloko isanakwane. Masiku ambiri ndimachoka m'mimba muli pululu, ikamati 10 koloko n'kugula mandasi. Mnzanga wa ku ofesi amabwera ndi oats m'kabotolo, akuti amangomuviika mu mkaka usiku, m'mawa n'kudya osaphika. Bambo a kunyumba akuti chosapita pamoto chimatsegula m'mimba, komanso iwowo ali ndi matenda a shuga. Firiji tili nayo, koma za magetsi mukuzidziwa. Ana ndi awiri, wina wa zaka 7, wina wa miyezi 10. Kodi n'zabwinodi, nanga ndingakonze bwanji?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mantha a bambo ali ndi maziko, kungoti akuloza pamalo ena. Oats wa m'paketi yemwe mnzanuyo amaviika si wamuwisi monga mmene amaonekera. Zimene zingakudwalitseni m'kabotolomo ndi zitatu: mkaka, madzi, ndi kufunda kwa malo amene kabotoloko kagona. Mukasamala zimenezi, ndi kadzutsa wabwino ndithu, woti akugwirani m'mimba mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mukazitayirira, mawu a bambo apherezera.

Ndifotokoze kaye chifukwa chake oats amadyeka osaphika. Njere yake ili ndi mafuta ambiri kuposa chimanga, tirigu kapena mpunga, pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 alionse. Njereyo ikangosweka mafutawo sachedwa kuwonongeka, ndipo imayamba kuwawa ndi kununkha. Pofuna kupewa zimenezi, ku fakitale amaichotsa makoko, n'kuitenthetsa kuti iume, kenako n'kuifewetsa ndi nthunzi yotentha isanadutse pakati pa zitsulo zozungulira zomwe zimaiphwathalalitsa. Ndiye tizidutswa topyapyala timene mumaona m'paketi tinakumana kale ndi kutentha. Chatsala n'choti timwe madzi tifewe, ndipo zimenezo zimatheka pamoto m'mphindi zisanu, kapena m'firiji usiku wonse.

Mukalowa m'masitolo akuluakulu, kaya ku Chichiri, m'tauni kapena ku Limbe, mupeza kuti oats wambiri amachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo dzina lomwe ambiri tinazolowera ndi Jungle Oats. Koma musangoona dzina, werengani mtundu wake. Woyenera pa ntchitoyi ndi amene alembedwa kuti rolled oats, wa tizidutswa tokulirapo toti mutha kutola kamodzikamodzi ndi zala. Ameneyu amafewa bwino koma amasiyako kena kake kotafuna. Pali wina wa quick kapena instant, wopyapyala kwambiri ndi wodukaduka. Akagona mu mkaka amadzuka ali phalaphala, womata m'kamwa, ndipo wa m'timapaketi ting'onoting'ono tokometsera tija amakhala atathiridwa kale shuga wambiri. Wachitatu ndi steel-cut, njere zongodula osaphwathalalitsa. Usiku umodzi sumukwanira ameneyo, amafuna poto.

Pano ndichenjezeretu, chifukwa anthu ambiri akangomva za njirayi amafuna kuiyesa ndi zomwe zili kale m'nyumba. Musaviike mgaiwa, ufa woyera, ufa wa soya kapena Likuni Phala n'kudya osaphika. Ufa wa chimanga sunadutse pa nthunzi iliyonse, m'mimba sungagayike bwino, ndipo kuchoka ku chigayo mpaka pa mphasa yoyanikira wakumana ndi fumbi, nkhuku ndi manja ambiri. Soya wosapsa ali ndi zinthu zomwe zimalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi mpaka ataphikidwa. Kuviika kwa oats n'kosiyananso ndi kuviika mphale. Mphale timaisiya masiku angapo panja pa firiji kuti iwire ndi kusasa, koma pambuyo pake timaitsuka, kuyanika, kugayitsa, n'kuphika nsima pamoto waukulu. Kwa oats sitikufuna kuti chilichonse chiwire. Mukaona thovu m'botolo kapena chivindikiro chatukuka, tayani.

Njirayi siinabwere ndi Facebook kapena TikTok ayi. Cha m'ma 1900, dokotala wina wa ku Switzerland, Maximilian Bircher-Benner, ankapatsa odwala a pa chipatala chake ku Zurich oats woviika m'madzi kwa maola 12, wosakaniza ndi apozi wopala, madzi a ndimu, mkaka wokhuthala wa m'chitini ndi mtedza. Chimene chimandisangalatsa n'choti m'mbale yake oats anali wochepa, supuni imodzi yokha, ndipo chochuluka chinali chipatso. Anthu a masiku ano anatembenuza, amadzaza botolo ndi oats n'kuikapo kachidutswa ka nthochi kokongoletsera. Dokotalayo ndi amene ankaona patali.

Kakonzedwe kake nkosavuta. Madzulo mukamaliza kutsuka mbale, tengani botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, lomwe munali jamu kapena chiponde. Litsukeni ndi sopo, mutsukuluze ndi madzi otentha, chivindikiro chomwe, makamaka m'mizere mwake momwe mumabisala zotsalira. Thiranimo theka la kapu ya oats, omwe ndi magalamu pafupifupi 40. Onjezani theka la kapu ya mkaka, masupuni aakulu atatu kapena anayi a chambiko, ndi kamchere kongotsina ndi zala ziwiri. Mcherewo musaunyoze, ndi umene umachotsa kuzizira kwa oats m'kamwa. Takasani ndi supuni mpaka pansi penipeni, chifukwa mukangothira mkaka pamwamba n'kutseka, m'mawa mupeza m'makona mwa botolo mudakali mouma. Tsekani mwamphamvu, muike m'firiji cha kumbuyo kwa shelefu, osati pa chitseko. Maola 6 ndi okwanira, maola 8 ndiye bwino koposa.

M'mawa mukatsegula mupeza mkaka wonse walowa. Tizidutswa tija tatupa, tayera, ndipo mukadutsitsa supuni pamatsala kanjira komwe kamatsekeka pang'onopang'ono. Nthawi zina pamwamba pamakhala timadzi toyererako tochokera mu chambiko, si vuto, ingotakasani. Akalimba kwambiri onjezani mkaka pang'ono. Akakhala wamadzimadzi, mawa lake chepetsani mkaka. Mumvanso kunanda kwina kwake pa lilime, ndipo kunandako ndi kumene kuli mankhwala ake, ndibwereranso pa mfundo imeneyi.

Maphikidwe a pa intaneti amatchula yogati, koma ine ndimalimbikitsa chambiko. Ndi wathu, amapezeka pa golosale iliyonse yokhala ndi firiji, ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Amakhuthalitsa, amapereka kukoma kowawasira komwe kumachititsa kuti musafune shuga wambiri, ndiponso amawonjezera zomanga thupi. Palinso anthu ambiri, makamaka akuluakulu, omwe akamwa mkaka wa fuleshi m'mimba mumalira ndi kudzaza mpweya. Mu chambiko mbali ina ya shuga wa mu mkaka amene amavutitsayo inadyedwa kale ndi tizilombo tabwino tosasitsa, choncho ambiri amamulandira bwino. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, siyani mkaka wa fuleshi, sakanizani chambiko ndi madzi owiritsa ozizira mulingo wofanana. Yogati wa sitiroberi kapena wa vanila amakoma, koma shuga wake ndi wambiri.

Tsopano za mkaka, pomwe pagona nkhani. Mkaka wa m'paketi wa m'masitolo unatenthetsedwa kale ku fakitale, mutha kuthira mwachindunji. Wokhalitsa uja wa m'katoni umakhala bwino pa shelefu usanatsegulidwe, koma mukangoudula pakamwa uyenera kulowa m'firiji ngati mkaka wina uliwonse. Mkaka wa alimi womwe umabwera m'zigubu kuchokera ku Bvumbwe, Thyolo kapena Chiradzulu ndi wabwino komanso wonona, koma uwiritseni kaye mpaka ufufume, muuziziritse, ndiye muthire. Mkaka wosawiritsa umatha kunyamula TB ya ng'ombe, matenda a brucellosis omwe amabweretsa malungo osatherapo, ndi tizilombo totsegula m'mimba, ndipo firiji siipha chilichonse mwa zimenezi. Chambiko wopanga nokha kunyumba akhalenso wochokera ku mkaka wowiritsa. Mkaka waufa ulibe vuto, bola akhale mkaka weniweni. Ufa woyera wothira mu tiyi uja wolembedwa kuti creamer si mkaka, ndi mafuta a zomera osakaniza ndi shuga, mulibe zomanga thupi zoti n'kuwerengera.

Mukamasungunula mkaka waufa, madzi ake akhale owiritsa kapena othira mankhwala a kulorini. Mfundo imeneyi ndimaigogomezera kwambiri. Mu 2022 ndi 2023 kolera anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali pakati pa madera amene anavutika kwambiri, moti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno zinachedwa kutsegulidwa. Phala lophika limatikhululukira zambiri, chifukwa moto umapha zomwe madzi abweretsa. Chakudya chosapita pamoto chilibe chikhululuko chotero. Madzi a m'ndowa omwe mwasunga chifukwa mpopi unauma, kaya akuoneka oyera bwanji, awiritseni. Manja ndi supuni zikhalenso zotsuka ndi sopo.

Za magetsi ndiye ndichedwepo pang'ono. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Firiji yogwira bwino ntchito imasunga zinthu pa madigiri 5 kapena kutsikirapo, ndipo pamenepo oats woviika amakhala masiku atatu kapena anayi ali bwinobwino. Izi n'zoona kumene magetsi sathima. Kuno kwathu uphungu wanga ndi wakuti muzikonza wa masiku awiri basi. Musatengeke ndi zithunzi za mabotolo asanu ondandalika a sabata yonse.

Magetsi akathima, firiji yomwe siikutsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi. Kutsegulatsegula kumafupikitsa nthawiyo, ndiye ana auzidwe. Pali kanzeru kothandiza: sungani mabotolo awiri apulasitiki a madzi mufiriza kuti aziuma gwa, ndipo usiku muziika limodzi pafupi ndi botolo la oats, kapena zonse ziwiri m'kabakuli kamodzi kotseka. Madzi oundanawo amawonjezera maola angapo. M'mawa gwirani botolo ndi dzanja. Likakhala lozizira kwenikweni, lochita mame kunja mukalitulutsa, idyani. Mukapeza kuti magetsi anathima chamadzulo osabweranso, ndipo botolo likungofanana ndi kapu ya pa tebulo, musadye, ngakhale fungo litakhala labwino. Mphuno siithandiza apa, makamaka poti chambiko ndi wowawasa kale. Musadalirenso kuti mukawiritsa ndiye kuti mwakonza. M'zakudya za njere mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, komwe kakapeza chinyezi ndi kufunda kamatulutsa poizoni wosanzitsa, ndipo poizoniyo safa ndi moto wa pa mbaula. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya chogula ndi ndalama kumapweteka mtima, n'chifukwa chake ndikuti muzikonza pang'onopang'ono.

Ena amati m'nyengo ya chiperoni atha kungosiya botolo pa windo. Ayi. Usiku wa Juni kapena Julaye kuno kumazizira moti munthu amafunda mabulangete awiri, koma kawirikawiri sikutsika pansi pa madigiri 10, ndipo kwa mkaka kumeneko nkofunda. Za Okutobala ndi Novembala ndiye n'zosachita kunena. Chimodzimodzi pa ulendo wanu wa ku ntchito: botolo likachoka m'firiji lidyedwe pasanathe maola awiri, ndipo tsiku lotentha kwambiri pasanathe ola limodzi. Mukanyamuka 6 koloko, mukadye mukangofika, kapena mukaliike m'firiji ya ku ofesi ngati ilipo. Lisakhale m'chikwama mpaka 10 koloko.

Ndiye pali njira ina yomwe ine ndimaikonda kuposa yoyambayi pa nyengo imene magetsi akuvuta, ndipo ndi yothandizanso kwa amene alibe firiji n'komwe. Usiku mukaphula nsima, makala akadali ofiira, tereketsani madzi. Tsukuluzani fulasiki ndi madzi otentha pang'ono kuti ifunde m'kati, kenako mudzaze madzi owirawo n'kutseka. M'kapu yaikulu youma ikani theka la kapu ya oats, masupuni awiri a mkaka waufa, supuni imodzi ya mtedza wokazinga wosinja, ndi kamchere. Musathire chamadzi chilichonse, ingovindikirani. M'mawa mukadzuka thirani madzi a mu fulasiki, pafupifupi kapu imodzi yosadzaza, takasani, vindikirani ndi kambale, inu n'kupita kukasamba. Pomwe muzivala nsapato, patatha mphindi 5 mpaka 10, phala lanu lapsa, lofunda, ndipo simunakoleze moto. Palibe chomwe chagona chonyowa, choncho magetsi athime asathime zilibe kanthu. Zouma zokhazokhazi mutha kusakaniza Lamlungu za sabata yonse n'kusunga m'timabotolo. Pa njira imeneyi oats wa quick uja ndiye amachita bwino, ndipo gwiritsani kapu kapena bakuli, chifukwa botolo lagalasi lozizira limatha kusweka ndi madzi otentha.

Amene sakonda chozizira m'mawa atha kukhuthulira oats wa m'firiji mu kapoto n'kufunditsa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Poti anafewa kale sachedwa. Moto ukhale wochepa, apo ayi chambiko amadukaduka. Kapena muviike ndi mkaka wokha, chambiko n'kuthira mutaphula.

Zothiramo ndi pamene anthu amaonongera ndalama. Pa intaneti mudzaona njere za chia, mkaka wa almond, mabulosi a blueberry ndi zina zoitanitsa kunja. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chili chofunikira. Chia ntchito yake yaikulu m'botolomo ndi kumwa madzi kuti zinthu zikhuthale, ndipo chambiko wachita kale zimenezo. Zomwe zili mumsika wa Limbe, wa Blantyre kapena wa Ndirande n'zokwana.

Choyamba ndi mtedza. Koma samalani, nsinjiro zomwe timathira mu ndiwo nthawi zambiri zimakhala za mtedza wosakazinga, ndipo zimenezo n'zophikira. Wa mu oats ukazingeni kaye, mupukuse makoko, musinje pang'ono kuti ukhale wa mibulumibulu, kapena gwiritsani supuni ya chiponde. Musanakazinge, uthireni pa lichero musankhe. Chotsani wonyala, wakuda, wobooka, wosweka kalekale, ndi uliwonse wa chuku. Mtedza wotere umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Mtedza womwe unawazidwa madzi kuti usavute kusenda ndi umene umachita chuku msanga, ndiye mukaugwira n'kumva kuti ndi wofewa kapena wa fungo la chinyontho, upitirireni. Nthanga za maungu zokazinga ndi chitowe nazonso zimalowa bwino. Wosinja mutha kuthira usiku, koma ngati mukufuna kumva kukhukhuta pa mano, wazani m'mawa.

Chachiwiri, chomwe ndimadabwa kuti anthu sachiganizira, ndi malambe. Gumulani ufa wake, musefe, muthire supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri usiku pamodzi ndi mkaka. Amakhuthalitsa, amapereka kukoma kotsitsimula, ndiponso ali ndi vitamini C wambiri.

Zipatso zambiri ndi bwino kudulira m'mawa. Nthochi ikagona yodula imada n'kuchita madzi, ngakhale kuti theka la nthochi yakupsa bwino, yokanya ndi foloko n'kusakaniza usiku, imatsekemeretsa botolo lonse moti shuga safunikanso. Chinanazi cha ku Mulanje ndi papaya zisagone mu mkaka. Zipatso ziwirizi zili ndi zinthu zomwe zimaphwanya zomanga thupi za mu mkaka, ndipo pofika m'mawa chakudya chonse chimakhala chowawa ndi chamadzimadzi. Muziika pamwamba pa nthawi yakudya. Kupatula apo tsatani nyengo: mango ndi masuku kumayambiriro kwa dzinja, magwafa ndi mapeyala ikafika nthawi yake, manachesi m'miyezi yozizira, ndi masitiroberi a ku Zomba ngati wina wakubweretserani. Zipatsozo zitsukidwe ndi madzi abwino musanasende.

Nanga phindu lake m'thupi? Theka la kapu ya oats lili ndi mphamvu pafupifupi makalori 150, magalamu 5 a zomanga thupi ndi magalamu 4 a fibre, yomwe ndi mbali ya chakudya yosagayika imene imathandiza matumbo kuyenda bwino. Kunanda kuja kumachokera ku mtundu wina wa fibre wotchedwa beta-glucan. Ameneyu akalowa m'mimba amachedwetsa chakudya kutsika, ndiye njala siibwera msanga ndipo shuga amalowa m'magazi mwapang'onopang'ono. Amathandizanso kutsitsa mafuta oipa a m'magazi, ndipo mu 1997 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza kuti zimenezi zizilembedwa pa mapaketi. Mulingo womwe umatchulidwa ndi magalamu 3 a beta-glucan pa tsiku, ndipo theka la kapu limakupatsani pafupifupi theka la mulingowo. Ndi thandizo ndithu, koma si mankhwala olowa m'malo mwa a kuchipatala.

Oats payekha ali m'gulu limodzi chabe mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe timaphunzitsa ku sikelo, la zokhutitsa. Mukathira chambiko mwalowetsa gulu la zanyama, mtedza ndi wa gulu la nyemba, nthochi kapena gwafa ndi zipatso, ndipo kachidutswa ka peyala kabweretsa zamafuta. Magulu asanu m'botolo limodzi, dzuwa lisanatuluke. Yerekezani ndi mandasi awiri ndi tiyi wa shuga, zomwe ndi ufa wa tirigu, mafuta okazingira ndi shuga basi.

Mudzamvanso ena akunena kuti kuviika kumachotsa phytic acid, chinthu cha m'njere chomwe chimatchinga ayironi kulowa m'thupi. Kwa oats wogona m'firiji zimenezi amazikokomeza, chomwe chimachoka n'chochepa. Chothandiza kwenikweni ndi kudyera limodzi ndi chipatso cha vitamini C monga gwafa, nachesi kapena malambe aja, komanso kusamwera tiyi nthawi yomweyo, pakuti tiyi amachepetsa ayironi amene thupi likanatenga. Kwa amayi, omwe vuto la kuchepa magazi silichedwa kuwapeza, iyi si nkhani yaing'ono. Tiyi wanu mukamwe patadutsa ola limodzi. Masiku oyamba m'mimba mutha kudzaza mpweya chifukwa thupi silinazolowere fibre wochuluka, choncho yambani ndi masupuni atatu, muzimwa madzi okwanira, ndipo zimatha zokha.

Tibwere kwa bambo. Munthu wa matenda a shuga atha kudya oats, koma asamve ngati ndi chakudya chopanda malire. M'theka la kapu muli magalamu pafupifupi 25 a sitachi, yemwe m'thupi amasanduka shuga. Kwa iwo mtundu ndi wofunika kwambiri: akhale rolled oats wa tizidutswa tokulirapo, chifukwa wa instant amagayika msanga n'kukweza shuga mofulumira. Asapitirire theka la kapu. Musathiremo shuga kapena uchi, poti uchi nawo ndi shuga ndithu ngakhale anthu amauyesa mankhwala. Muchulutse chambiko ndi mtedza, ndipo chipatso chikhale gwafa, peyala kapena theka la nthochi yosapsetsa. Ngati ali ndi kamakina koyezera, ayeze asanadye ndiponso patatha maola awiri, alembe, adzaonetse adokotala pa tsiku lawo la kiliniki, kaya ndi ku Queens kapena kwina kumene amapita. Matupi amasiyana, ndipo manambala awo ndi amene anganene zoona za iwo. Asasinthe okha mulingo wa mapilitsi kapena jakisoni chifukwa choti asintha kadzutsa. Akakanabe zosaphika musalimbane nawo, afunditsireni pa moto, phindu lake silichoka.

Mwana wa zaka 7 atha kudya monga inu, koma adyere kunyumba asanapite ku sukulu, asanyamule m'chikwama kudikira buleki. Wa miyezi 10 yekha ayi. Ameneyo muphikireni, phala lipse bwino ndi kusalala, ndipo adye lidakali lofunda. Mutha kuphikiramo nsinjiro kapena chiponde chosalala, n'kukanyiramo nthochi. Musamupatse mtedza wa mibulu chifukwa ungamutsamwe, ndipo izi n'zofunika kusamala mpaka atakwana zaka 5. Uchi asalawe mpaka atakwanitsa chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo tomwe timafooketsa minofu ya khanda mpaka kulephera kupuma. Mchere ndi shuga musathire m'phala lake. Mkaka wa ng'ombe wophikira m'phala ulibe vuto, koma usalowe m'malo mwa bere, apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Za mtengo sindingakubisireni. Oats ndi woitanitsa kunja, ndipo amakwera nthawi iliyonse ndalama yakunja ikavuta. Paketi ya kilogalamu imodzi imatulutsa mabotolo 25 a magalamu 40. Kwa inu nokha ndi mwezi wathunthu wa masiku a ntchito, koma banja lonse likamadya tsiku ndi tsiku siikwana sabata ndi theka. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi mtedza, si zotsika kwa oats, ndipo tsiku limene muli ndi nthawi yokoleza moto musazisiye. Chimene oats akukupatsani inu ndi nthawi ya m'mawa, ndiye mugwiritseni pa masiku a liwiro.

Poyamba gulani paketi yaing'ono ya magalamu 500, muyese mabotolo awiri, muone ngati pakamwa panu pagwirizana naye musanagule yaikulu. Pogula yang'anani tsiku lothera ntchito, ndipo muone ngati m'paketi mulibe timabowo kapena ulusi wa tizilombo. Mukatsegula, khuthulirani m'chigubu chouma chotseka bwino n'kuika pamalo posafika dzuwa, kutali ndi mbaula, chifukwa anankafumbwe amamukonda ndipo mafuta ake aja amaonongeka ndi kutentha. Akayamba fungo la mafuta okhalitsa kapena kuwawa pa lilime, nthawi yake yatha.